Msilikali Sadwala pa Perete

Agogo anga aamuna ankanditcha kopolo. Usilikali sindinaulowepo, ngakhale sukulu yomwe inandilavula ndili Folomu 3 fizi itasowa, koma kwa iwo ndinali kopolo basi. Iwowo anapuma ali sajeni, ndiye pakhomo pathu panali wolamula mmodzi ndi wolamulidwa mmodzi. Akafuna madzi, "Kopolo, madzi!" Akafuna kutembenuka pamphasa, "Kopolo, thandiza mbali ya kumanzereyi, adani aigwira." Zinkanditopetsa, koma ndinkayankha.

Amayi amagula zitenje ndi nsapato ku Chipata n'kumadzagulitsa ku Boma, moti masiku ambiri amakhala pamsewu. Amalume anga awiri ali ku Lilongwe. Chikondi chawo pa bambo awo chimabwera pafoni, m'mawu ojambula: "Muwasamale madalawo." Wosamalayo ndinali ine, poti ndine amene ndinalibe sukulu, ndinalibe mkazi, koma ndinali ndi njinga. Pachibale pathu wosaphunzira ndiye nesi.

Agogo anali ndi matenda a shuga, komanso bala pamwendo wakumanzere, chakumunsi, limene linkakana kupola. Tinayendapo nalo kuchipatala. Tinkakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kumva kuti mabandeji atha, mukagule. Tsiku lina adokotala analiyang'ana balalo, n'kutembenukira ine osati mwini mwendo, n'kunena kuti likapitirira chonchi mwendowo udzadulidwa. Agogo anachita ngati sanamve. Ine ndinamva.

Panalinso vuto lina limene pakhomo sitinkalitchula. Mkodzo unkawapulumuka, nthawi zina ndi zinazo. Ine ndi amene ndinkawasambitsa m'bafa la udzu kuseri kwa nyumba, n'kuchapa mathalauza. Tinali ndi pangano limene sitinakhalirepo pansi. Zikachitika, iwo ankangoti, "Kopolo, kumpoto kwagwa mvula," ine n'kutenga beseni. Sankandiyang'ana, inenso sindinkawayang'ana. Mathalauzawo ndinkayanika kuseri kwa nkhokwe, kumene odutsa m'njira sakanaona. Ngakhale amayi ankadziwa theka lokha.

Chimene chinatipulumutsa chinali malo ena ku Boma amene boma linatsegula kuti azisamalirako asilikali okalamba masana. Dzina lake linali lalitali, lachingerezi, lolembedwa pachikwangwani chimene palibe ankachiwerenga. Eni ake ankangoti kukampu. Inali holo yakale ya malata adzimbiri, yokhala ndi mpanda wa waya ndi mtengo wa mango panja pa geti. Masiku angapo pa sabata ndinkawakweza agogo panjinga m'mawa, kutsika nawo msewu wochokera ku Mkanda, kuwasiya, n'kudzawatenga madzulo. Kumeneko kunali anesi, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene ankawayeza shuga, kuwapatsa mankhwala, ndi kutsuka bala lija mosadumphitsa. Kunali phala la soya m'mawa, chakudya masana, bawo ndi wailesi. Balalo linayamba kufota m'mbali.

Ndisaname, malowo ndinkawakonda chifukwa cha ine ndemwe kuposa chifukwa cha agogo. Masiku amenewo okha ndi amene ndinkapalasa kabaza tsiku lonse, kunyamula azimayi a geni ndi mitolo yawo, kumva nkhani za madalaivala a matiraki, kudya chipisi cha pachiwaya ngati munthu wopanda womudikira. Masiku enawo ndinkakhala pakhomo ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, kudikira mvula ya kumpoto.

Madala a kukampu ankakonda chinthu chimodzi kuposa phala: perete. Asanalandire makapu ankandanda pabwalo, ena ndi ndodo, wina pa njinga ya olumala, agogo anga ali kutsogolo chifukwa mawu awo anali adakali ndi mphamvu. Akakuwa, misana yopindika ija inkayesa kuwongoka. Kuguba sankaguba, ankangoponda pamodzimodzi, kafumbi n'kudzuka pang'ono. Ife a kabaza tinkaseka tili pageti. Iwo sankaseka.

Mnzawo wapamtima wa agogo anali mdala wina wa ku Kapondo, amene ku usilikali ankaimba lipenga. Lipengalo analibe, mano analibenso, koma ankapinda dzanja pakamwa n'kuliza ndi milomo, ndipo nyimbo inkamveka ndithu. Maso ake anali atachita ng'ala, ankayenda ndi ndodo yofufuzira njira. Analibe wachibale womuperekeza. Ankangokwera chilichonse chopita ku Boma chimene chamumvera chisoni. Awiriwa anakhalapo limodzi ku Mozambiki akulondera njanji nthawi ya nkhondo ya kumeneko, koma za nkhondoyo sankazikamba. Ankangonyozana tsiku lonse.

"A sajeni, mwendo uja wanunkha mpaka pabodala. Madalaivala akudandaula."

"Khala chete iwe. Nkhondo yonse unaimenya ndi masaya."

"Masaya omwewa ndi amene ankakudzutsani. Popanda ine bwenzi mukadali mtulo ku Mozambiki."

"Bwenzi ndikugona mwamtendere."

Agogo akanyozedwa chonchi ankabwerera kunyumba ali osangalala. Panjinga ankandigwira m'chiuno n'kumalamula njira yonse ngati ine ndilibe maso. "Dzenje kutsogolo! Kumanja, kopolo! Ukufuna kupha boma?"

Chaka china ndalama zochokera kuboma zinachepa. Palibe amene anatiuza, tinangoonera phala: soya anasowa, linasanduka la mgaiwa wokhawokha. Kenako anachotsa tsiku limodzi pa sabata. Kenako kunabwera lamulo latsopano. Malowo sadzalandiranso aliyense amene anavalapo yunifolomu. Adzatsala okhawo amene sangathe kudzisamalira: kusamba, kuvala, kuyenda, kupita kuchimbudzi. Enawo azikaima pamzere kuchipatala ngati wina aliyense. Ndipo kudzabwera munthu wochokera kulikulu kudzawaona mmodzimmodzi.

Akuluakulu amenewa tsiku lokumbukira asilikali amavala maluwa ofiira pachifuwa n'kumalankhula mawu okoma pawailesi. Maluwawo akavula, amakhala pansi n'kuyamba kuwerengera makapu a phala. Koma zimenezo ndizisiye, sindinabwere kudzatukwana boma. Ndikanakonda nkhaniyi ikanakhala ya boma lokha.

Anesi anawasonkhanitsa madala onse madzulo, ife owatenga tili pakhomo.

"Madala anga, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mlendoyo akabwera, musadzikongoletse. Wodwala aoneke kuti akudwala. Mwendo ukamapweteka, nenani kuti ukupweteka. Ndodo zanu zikhale m'manja. Mwandimva?"

"Tamva, anesi," anayankha onse pamodzi, mwaulemu kwambiri. Ndinadziwiratu kuti sanamve.

Pobwerera ndinayamba ndine.

"Agogo, mwamva zimene anena anesi zija?"

"Makutu ndili nawo."

"Ndiye mudzanena zoona."

"Palasa njinga, kopolo. Msilikali sadwala pa perete. Amadwala perete ikatha. Wamkulu akabwera kudzakuona, umaima njo, ngakhale malungo akuphike. Amene ankati mutu, mimba, tsiku la akuluakulu, tinkamusenzetsa chikwama cha mchenga azungulire bwalo mpaka mutuwo upole."

"Kumeneko kunali ku usilikali. Kuno mukaoneka amphamvu akuchotsani."

"Andichotse ndili chiimire."

"Nanga balalo azitsuka ndani? Ine mankhwala ndilibe. Mukufuna tibwerere kumzere kuja akadule mwendo?"

Anangoti, "Dzenje kutsogolo."

M'mawa wa tsikulo anandidzutsa ndi ntchito. Ananditsegulitsa sutikesi yawo yachitsulo n'kutulutsa jekete limene ndinali nditangoliona pamaliro a agogo aakazi pokha. Ndinaika makala m'simbi, ndinalisita, anandibweza kuti kolala sinagone, ndinasitanso. Nsapato anapolisha okha, ndi malovu. Phazi lakumanzere linali lotupa. Analikankhira m'nsapatomo atakukuta mano, osatulutsa mawu. Tiyi anakana, madzi anakana. Ndinadziwa chifukwa chake: sankafuna mvula ya kumpoto tsiku limenelo. Munthu wa shuga, m'mimba mulibe kanthu, pakamwa pouma. Ine ndinaika thalauza losinthira ndi pepala lapulasitiki m'jumbo monga mwa masiku onse, n'kumangirira pahandulo.

Titafika kukampu ndinaseka, koma kuseka kwa mkwiyo. Madala onse anali atameta ndevu. Majekete akale, mataye, mamendulo opukutidwa ndi phulusa. Wa panjinga ya olumala uja anali atatsuka matayala. Ndodo zonse zinali zitasowa. Ndinaziona zitaunjikidwa kuseri kwa diramu la madzi, ya mdala wa lipenga ili pamwamba. Iyeyo anali atafika m'mamawa n'kumayenda kuchoka pakhomo kufika patebulo, kubwerera, kupitanso, mpaka mapazi ake ataloweza njira.

Anesi anagwira m'mutu. "Mayo ine! Madala inu mwandipha. Dzulo lomweli tinagwirizana chiyani?"

"Tabwera mmene tilili, anesi," anatero agogo.

Mlendoyo anafika pa galimoto ya boma yodzaza fumbi. Anali mayi wachitsikana wovala magalasi, wotopa, wooneka kuti akuyembekezekanso kwina tsiku lomwelo. Sanali munthu woipa. Madala anamuchitira perete imene sindinaionepo: mzere wowongoka, lipenga la pakamwa lija likulira, mawu a agogo akugunda malata. Mayiyo anajambula pafoni, anawomba m'manja. "Koma ndiye muli ndi mphamvu, madala!" anatero. Anesi anayang'ana pansi.

Kachipinda kam'mbali kanali kodzaza ndi matumba a ufa, choncho tebulo analiika m'holo momwemo. Madala anakhala pamabenchi, pafupi moti chilichonse chinkamveka. Mayiyo ananeneratu kuti aliyense adziyankhire yekha, ndipo woonjezera akhale womusamalira kunyumba, osati anesi. Akuti kwina anesi ankakulitsa matenda kuti malo awo asatsekedwe.

Mdala wa lipenga anaitanidwa agogo asanaitanidwe. Anayenda wopanda ndodo, mutu uli m'mwamba, n'kuima patebulo ndendende. Saluti yake inalunjika pambali pang'ono, pakhoma, koma mayiyo anali akuyang'ana pepala.

"Maso amaona bwino, bambo?"

"Ndikukuonani bwinobwino, madamu, ndi ndolo zomwe."

Anangoponya mwala kumdima, koma ndolo anali atavaladi. Holo yonse inaseka, mayiyo anasekanso.

"Mumasamba nokha? Kuphika? Kuyenda?"

"Ndekha. Ndikanapeza mkazi bwenzi ndikumuphikiranso."

"Mwabwera ndi wokusamalirani?"

"Ndimadzisamalira, madamu."

Anesi anatsegula pakamwa, mayiyo anakweza dzanja, anesi anatseka. Ine ndodo ija ndinkaiona kuseri kwa diramu. Sindinanene kanthu. Sanali agogo anga.

Kenako agogo. Anadzuka osagwira benchi. Anayenda osatsimphina ngakhale pang'ono, ine ndili m'mbuyo mwawo ndi jumbo langa, ndikuona thukuta likutsika m'khosi kulowa m'kolala ndinasita kawiri ija. Anaima njo.

"Mumasamba nokha, bambo?"

"Ndekha, madamu."

"Kuvala?"

"Monga mukuonera."

"Pano palembedwa za bala."

"Kachilonda chabe. Kakupola."

"Kuchimbudzi mumapita nokha? Sizichitika kuti mwadziwonongera?"

"Sizinachitikepo, madamu."

Cholembera chinali chikuyenda kale. Ndinkachiona chikuchonga mbali yomweyo imene chinachonga kwa mdala wa lipenga. Mayiyo anadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

"Achimwene, ndinu owasamalira? Muli ndi choonjezera?"

Agogo osatembenuka anati, "Kopolo alibe mawu."

Ine mtima wanga ndi waufupi, aliyense amadziwa. Nthawi imeneyo ndinaona mzere wa kuchipatala uja. Ndinaona adokotala akuloza pamene adzadule. Ndinaonanso, ndisabise, njinga yanga itatsamira khoma sabata yonse, ine ndili pakhomo ndi beseni mpaka ndidzamere imvi. Zonsezi zinabwera pamodzi, ndipo sindingathe kulekanitsa kuti chinatsegula pakamwa panga ndi chiti.

"Akunama," ndinatero.

Sindinanong'one. Mawu anga ndi a pasiteji, ozolowera kuitana makasitomala kutsidya kwa msewu.

"Akunama, madamu. Sasamba okha, ndimawasambitsa ndine. Nsapatozi aphwanyiramo phazi lotupa. Lero sanamwe ngakhale madzi poopa kuti angadzikodzere pamaso panu. Zimachitika pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina ndi chimbudzi chomwe. Onani."

Ndinatulutsa thalauza losinthira lija, ndinatulutsa pulasitiki, ndinaziika patebulo pafupi ndi mapepala ake. Ndinagwada n'kukwinya mwendo wa thalauza lawo. Bandeji inali itanyowa mpaka m'sokosi, fungo linatuluka.

"Kachilonda kameneka? Ndimawachapira ndine, ndimawapukuta ndine, ngati khanda."

Ngati khanda. Mawu amenewo mayiyo sanawafunse. Pepala lake linalibe malo ake.

Wailesi yokha ya pamsika inkamveka kutali. Agogo sanagwedezeke. Anaimabe njo, maso ali pakhoma, ine nditagwada ndi thalauza lawo m'manja. Sanandikankhe, sanandikalipire. Ndikanakonda akanandimenya ndi nsapato ija.

Mayiyo analankhula motsitsa. "Pepani, bambo. Kakhaleni pansi."

Agogo anachita saluti, anatembenuka. Pobwerera ndi pamene anatsimphina, koyamba tsiku lonselo. Sanakhale pabenchi lakutsogolo pamene ankakhala nthawi zonse. Anapita kumapeto, pafupi ndi diramu la madzi, pamene panali ndodo zija. Madala anzawo anayang'ana mawondo awo.

Pobwerera kunyumba sanandigwire m'chiuno. Anagwira chitsulo cha pansi pa chishalo. Maenje onse a msewu wa ku Mkanda ndinawazemba ndekha. Titafika ndinawatsitsa, ndinawavula nsapato ija movutikira, ndinawapatsa madzi. Anamwa kapu yonse n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Zikomo, bambo," anatero.

Ndinaganiza kuti ndi mkwiyo wa tsiku limodzi. Koma kuyambira pamenepo ndinakhala bambo. "Bambo, mungandithandizeko madzi?" "Bambo, mukapeza mpata munditembenuzeko." Munthu amene anandinyamula ndili wakhanda ankandipatsa ulemu wa mlendo wofunsa njira. Mvula ya kumpoto inathanso. Zikachitika ankangonena mosabisa, maso ali pa ine: "Bambo, ndadziwonongera." Panalibenso chobisa, nanga si ndinali nditachiyanika patebulo.

Zotsatira zitabwera, agogo anatsala. Mdala wa lipenga anachotsedwa, pamodzi ndi ambiri amene anaima bwino tsiku lija. Anesi anandikokera pambali n'kundigwira dzanja. "Mwachita bwino, achimwene. Mwapulumutsa mwendo." Amayi atabwera kuchokera ku Chipata anati chimodzimodzi. Amalume anatumiza mawu pafoni oti ndine mwamuna. Aliyense ankati ndinachita bwino, ndipo ndikaziganiza ndi mutu, sindipeza pamene akulakwitsa. Ndikanakhala chete, bwenzi lero agogo ali ndi mwendo umodzi, mwina bwenzi kulibe. Koma mayi uja ndikanatha kumupempha kuti titulukeko panja. Ndikanatha kuwerama n'kumunong'oneza. Khomo linali pomwepo, lotsegula. Sindinaliganizire n'komwe, chifukwa pansi pa mtima panali kanthu kena kamene kankafuna kuti holo yonse imve zimene ndimachita m'mawa uliwonse pamene anzanga ali m'kalasi. Ndinkafuna wina adziwe. Anadziwadi.

Perete inatha. Otsalawo anali ochepa, ambiri osatha kuima, ndipo agogo sanakuwenso. Anesi anawapempha kangapo. Ankangoti, "Pakhosi pakuwawa." Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti madala anzawo anayamba kuwakomera mtima. Ankawasiyira malo apafupi ndi khomo la kuchimbudzi. Ankawafunsa mwaulemu mmene agonera. Panalibenso wowanyoza.

Mdala wa lipenga anabwerabe kangapo. Lamulo silinkalola wochotsedwa kulowa m'kati, ndiye ankakhala pansi pa mango uja kunja kwa geti, ndodo ili pamiyendo. Agogo ankandipatsa kapu yawo ya phala itatsala theka kuti ndikamupatse, koma okha sankatuluka. Iye ankakuwa kudzera pawaya, "A sajeni, mwendo uli bwanji?" Basi. Za madalaivala a pabodala sanazitchulenso.

Tsiku lina nditamupatsa kapu anandigwira mkono. Dzanja lake linali lopepuka ngati chiputu chouma.

"Ndiwe kopolo uja?"

"Ndine."

"Iwe mwana woipa. Unawombera mkulu wako kumsana, anthu akuona."

Anamwa phala, anapukuta pakamwa.

"Koma ukanasungako chipolopolo chimodzi cha ine," anatero. "Ndodo yanga unkaiona, eti?"

"Ndinkaiona."

"Ndinadziwa. Pita, makasitomala akudikira."

Mvula itayamba, msewu wa ku Kapondo utaterera, anasiya kubwera. Njinga ndili nayo, njira ndikuidziwa. Sindinapiteko kukafunsa. Ndimadziuza kuti ndi kutali.

Bala la agogo linapola. Linatenga nthawi, koma linatseka, panatsala chipsera chakuda chonyezimira. Anesi anaitana anzawo kudzaona. Ine ndinapitiriza kupalasa kabaza masiku anga aja, ndinagula matayala atsopano ndi chishalo chofewa cha kumbuyo. Chilichonse chimene ndinkafuna tsiku lija ndinachipeza.

Chaka chitatembenuka, uthenga unabweranso kuti wa kulikulu akubwera, poti lamulolo limati aziwaona chaka ndi chaka. M'mawa wake ndinadzuka osatumidwa. Ndinatsegula sutikesi yachitsulo ija, ndinaika makala m'simbi, ndinasita jekete, kolala ndinaigoneka bwinobwino. Nsapato ndinapolisha mpaka kuona nkhope yanga. Phazi linali litaphwa, zikanalowa popanda vuto. Ndinaziika pamphasa patsogolo pawo.

Anaziyang'ana kanthawi.

"Mwavutikiranji, bambo? Bwezerani."

"Agogo, lero ndi perete."

"Bwezerani, njenjete zingalowe m'sutikesi mukaisiya yotsegula."

Anavala juzi yawo yakale yobooka pachigongono, ndi patapata. Tiyi anamwa makapu awiri.

Ulendo uno anabwera bambo wina wachikulire, ndipo matumba a ufa anali atachotsedwa m'kachipinda kaja. Akuti lamulo tsopano likuti mafunso otere azifunsidwa chitseko chili chotseka. Tinalowa atatu. Agogo anakhala pampando asanauzidwe, manja ali pamawondo.

"Mumasamba nokha, bambo?"

Agogo anandiloza ndi chibwano.

"Funsani bambowa. Ndi amene amadziwa."

"Ndikufuna ndimve kwa inu kaye."

"Ine ndilibe mawu."

Ndinayankha ndine, funso lililonse, motsitsa, ngakhale kunalibe wina womva. Sizinatenge nthawi. Agogo anatsalanso, ndipo mpaka lero ndimawapititsa.

Madzulo a tsikulo tikubwerera, panali dzenje lina lalikulu pafupi ndi kamlatho, limene kale ankayamba kulikuwira tisanalione n'komwe. Ndinaliona patali. Ndinasiya kupalasa, njinga ikuyenda yokha, ndinalunjika pomwepo. Ndinadikira. Kumbuyo kunali chete, ndinkangomva kupuma kwawo ndi manja atagwira chitsulo. Tayala litatsala pang'ono kulowa, ndinakhotera kumanja ndekha.